Akhwangwala a ku Lubumbashi: Mbiri ya Timu ya Tout Puissant Mazembe

Madzulo a pa 14 December 2010, m'bwalo lina la mpira mumzinda wa Abu Dhabi, anthu adaona chodabwitsa. Bambo wamkulu ndithu, amene ntchito yake idali kulonda pagolo, adakhala pansi pa kapinga, natambasula miyendo yake, nayamba kunjanja ndi matako monga achitira khanda limene silinayambe kukwawa. Bamboyo adali Robert Kidiaba, ndipo kunjanjako ndiko kudali gule wake wa chimwemwe, pakuti timu yake ya Tout Puissant Mazembe, yochokera ku Lubumbashi m'dziko la Congo, idali kugonjetsa Internacional ya ku Brazil. Masewerowo adatha ndi zigoli 2 kwa 0. Chiyambire mpikisano wa matimu a dziko lonse lapansi, padalibe timu ya kunja kwa Ulaya ndi South America imene idafikapo m'ndime yotsiriza. Yoyamba idali imeneyi.

Inu awerengi, makamaka achinyamata amene mwangotsiriza kumene sukulu, ambiri a inu mungathe kutchula pamtima osewera onse a matimu a ku England, ndi okhala pabenchi omwe. Sindikukudzudzulani, pakuti wailesi ndi kanema ndizo zidakuphunzitsani zimenezo. Komabe nkhani ya Mazembe ndi ya pafupi ndi ife, ndipo anzanga aphunzitsi a mbiri yakale apezamo zambiri zimene amaphunzitsa kale m'kalasi: atsamunda ndi amishoni, migodi ya mkuwa, ufulu wodzilamulira, ndiponso atsogoleri amene adaseweretsa ufuluwo. Mulinso funso limene limasautsa aliyense wokonda mpira kuno kwathu: kodi timu imakhala bwanji ndi moyo pamene woidyetsa waleka?

Mzinda wa Lubumbashi uli kumwera kwenikweni kwa dziko la Congo, m'chigawo chimene kwa nthawi yaitali chidadziwika ndi dzina loti Katanga. Kuchokera mumzindawu kukafika pachipata cha Kasumbalesa, polowera m'dziko la Zambia, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha, pamene likulu la dzikolo, Kinshasa, lili pa mtunda wa makilomita oposa 1,500. N'chifukwa chake moyo wa ku Lubumbashi umafanana kwambiri ndi wa ku Kitwe kapena ku Ndola: konseko anthu ndi ana a m'migodi, ndipo konseko chakudya chenicheni ndi nsima ya chimanga. Atsamunda a ku Belgium adamanga mzindawu m'chaka cha 1910 nautcha Élisabethville, potsata dzina la mfumukazi yawo. Chimene chidawakokera kumeneko chidali mkuwa, umene kampani ya Union Minière du Haut-Katanga idali kukumba.

Amonke a chipani cha Benedikto Woyera, amene ankayendetsa sukulu ya Saint-Boniface mumzindamo, adafuna kuti ophunzira awo, makamaka amene sadali kulinga ku unsembe, akhale ndi chochita china akaweruka m'kalasi. Motero m'chaka cha 1939 adakhazikitsa timu ya mpira wa miyendo naitcha Saint-Georges, dzina la woyera amene ali nkhoswe ya masikauti. M'chaka cha 1944 dzinalo lidasintha kukhala Saint-Paul. Patsogolo pake amonkewo adaleka kuiyang'anira, ndipo timuyo idapeza mthandizi wina, kampani yopanga matayala a galimoto yotchedwa Englebert, imene kwawo kudali ku Liège m'dziko la Belgium. Kuyambira pamenepo idatchedwa FC Englebert. Akuluakulu amene adaonerapo Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers sangadabwe nazo zimenezi: mwini thumba ndiye amatcha dzina.

Dziko la Congo lidalandira ufulu pa 30 June 1960, koma pasanathe masabata awiri Moïse Tshombe adalengeza kuti Katanga yapatuka ndipo ndi dziko palokha. Nkhondo imene idatsatira idatha mu January 1963. Mu November 1965 mkulu wa asilikali, Joseph-Désiré Mobutu, adalanda boma, ndipo chaka chotsatira adafafaniza maina a atsamunda m'mizinda ikuluikulu, kotero kuti Élisabethville idasanduka Lubumbashi. M'chaka chomwecho cha 1966 Englebert idatenga ukatswiri wa dziko lonse osagonjako ngakhale kamodzi. Poona zimenezi eni ake adawonjezera mawu awiri Achifalansa kutsogolo kwa dzina lake, Tout Puissant, ndiye kuti Wamphamvuzonse. Sindikhulupirira kuti amonke aja adakondwera kumva dzina limene amatchulira Mulungu m'mapemphero likuyendera limodzi ndi dzina la matayala, koma anthu a mpira sapempha chilolezo pa zoterezi.

Zaka zinayi zotsatira ndizo zidamanga mbiri ya timuyi. Chikho cha akatswiri a mu Africa chidali chachilendo masiku amenewo, pakuti chidayamba kulimbiranidwa m'chaka cha 1964. M'chaka cha 1967 Englebert idafika m'ndime yotsiriza nikumana ndi Asante Kotoko ya ku Ghana. Ku Kumasi adalepherana 1 kwa 1, ndipo ku Kinshasa adalepherananso 2 kwa 2. Nthawi imeneyo kudalibe lamulo loponyerana mapenate pofuna kupeza wopambana, choncho padabuka chisokonezo. Ena ankati achite maere, koma akuluakulu a bungwe la mpira mu Africa adalamula kuti matimuwo akakumane kachitatu ku Yaoundé m'dziko la Cameroon. Tsiku litakwana, Englebert idafika pabwalo, koma Kotoko sidaoneke, ndipo a ku Ghana adadandaula kuti uthenga sudawafike. Chikho chidapita ku Lubumbashi popanda kumenya mpira. Kunena zoona, kupambana kotere sikukoma kwenikweni, ndipo adani a Englebert sadalephere kuwakumbutsa zimenezo.

Pakamwa pawo padatsekedwa chaka chotsatira. M'ndime yotsiriza ya 1968 Englebert idathambitsa Étoile Filante ya ku Lomé, m'dziko la Togo, ndi zigoli 5 kwa 0. Mwina anyamatawo adayesa kuti ntchito yatha, pakuti atapita ku Lomé adakwapulidwa 4 kwa 1, napulumuka chifukwa cha nkhokwe ya zigoli imene adadzaza kwawo. Idakhala timu yoyamba kutenga chikhochi zaka ziwiri zotsatizana. Chaka chomwecho timu ya dziko la Congo idatenga chikho cha maiko a mu Africa ku Ethiopia itagonjetsa Ghana 1 kwa 0. Wogoletsa adali Pierre Kalala, ndipo pagolo padali Kazadi Mwamba. Onse awiri adali a Englebert.

Kachitatu ndi kachinayi mwayi udawafulatira. M'mpikisano wa 1969 adagonja kwa Ismaily ya ku Egypt, timu imene idali kusewerera ku Cairo chifukwa anthu a mumzinda wake adali atasamutsidwa pothawa nkhondo ya m'mbali mwa ngalande ya Suez. M'mpikisano wa 1970 adakumananso ndi Asante Kotoko. Ku Kumasi adalepherana 1 kwa 1 monga kale, ndipo aliyense ku Kinshasa adali ndi chikhulupiriro chakuti chikho chitsala pakhomo. Kotoko idapambana 2 kwa 1. Anthu a ku Ghana amasimbabe za mlonda wawo wa pagolo, Robert Mensah, amene ankasewera atavala kapusi imene adani ake ankaiyesa chithumwa, ndiponso za penate imene Englebert idapatsidwa chakumapeto koma wosewera wake naiponya pamwamba pa golo. Ngongole ya 1967 idabwezedwa chomwecho. Ngakhale zidatero, kufika m'ndime yotsiriza zaka zinayi zotsatizana sichidali chinthu chamasewera m'masiku amene ulendo wochoka ku Lubumbashi kupita ku Kumasi kapena ku Cairo udali wovuta ndi wodula koposa.

M'chaka cha 1971 Mobutu adasintha dzina la dziko kukhala Zaire, ndipo posakhalitsa Katanga idatchedwa Shaba, mawu Achiswahili otanthauza mkuwa. Anthu adalamulidwa kutaya maina Achizungu, ndipo matimu a mpira sadasiyidwe. Pamenepo ndipo padabadwa dzina loti Mazembe. Malaya ake adakhalabe a mizere yakuda ndi yoyera, monga aonekera khwangwala, ndipo ochemerera amaitcha timuyi Les Corbeaux, ndiye kuti Akhwangwala, ngakhale kuti pachizindikiro chake pali ng'ona italuma mpira.

Mobutu adaukonda mpira monga mlenje akondera galu wake, ndiye kuti malinga ngati akugwira nyama. Mu March 1974 timu ya Zaire idatenganso chikho cha maiko a mu Africa ku Cairo. Amene idawagonjetsa m'ndime yotsiriza adali anansi athu a ku Zambia: tsiku loyamba adalepherana 2 kwa 2, ndipo pobwereza Zaire idapambana 2 kwa 0. Msana wa timuyo udali wa Mazembe: Kazadi pagolo, ndipo kutsogolo kwake Mwepu Ilunga, Mwanza Mukombo ndi Bwanga Tshimen, amene adasankhidwa kukhala katswiri woposa onse mu Africa m'chaka cha 1973. Mu June chaka chomwecho cha 1974 adapita ku West Germany kukasewera m'chikho cha dziko lonse lapansi, dziko loyamba la kumwera kwa chipululu cha Sahara kufika kumeneko.

Zimene zidachitika kumeneko n'zomvetsa chisoni, ndipo ndifuna tiimepo pang'ono. Adagonja kwa Scotland 2 kwa 0, koma adasewera mwaulemu wake. Pambuyo pake osewerawo adazindikira kuti ndalama zimene adalonjezedwa sizidzawafika, ndipo adalowa m'bwalo kukakumana ndi Yugoslavia mitima ili kwina. Adamwetsedwa zigoli 9 kwa 0, ndipo Kazadi adatulutsidwa pagolo zitalowa zitatu. Tsono padafika masewero a Brazil. Chakumapeto, a Brazil atapatsidwa firikiki pafupi ndi golo, Mwepu Ilunga adachoka pamzere wa anzake otchinga woyimbira asanalize wezulo, nathamanga, naumenya mpirawo kutali. Woyimbira adamuonetsa kadi yachikasu. Kwa zaka zambiri a kanema a ku Ulaya ankaonetsa chithunzi chimenechi pofuna kuseketsa anthu, ngati umboni wakuti munthu wakuda sadziwa malamulo a mpira. Koma munthuyo adali katswiri wa Africa yense, amene adasewera mpira wa mipikisano kwa zaka zambiri. Lamulo la firikiki akadalephera bwanji kulidziwa? Iye mwini adafotokoza pambuyo pake kuti adachita dala chifukwa cha mkwiyo wa ndalama zawo zimene zidadyedwa, ndipo iye ndi anzake adasimbanso kuti amithenga a boma adawaopseza kuti akagonja ndi zigoli 4 kapena kuposerapo asayembekeze kubwerera kwawo. Masewerowo adatha 3 kwa 0. Adabwerera, koma boma lidawataya, ndipo ambiri a iwo adakalamba mu umphawi. Ilunga adamwalira m'chaka cha 2015.

Kuchokera pamenepo zinthu zidayamba kutsetsereka. Mazembe idaonetsako mano m'chaka cha 1980 pamene idatenga chikho china cha mu Africa, cha matimu opambana zikho za m'maiko mwawo, itagonjetsa Africa Sports ya ku Abidjan ndi zigoli 4 kwa 1 pophatikiza masewero awiri. Koma kumeneko kudali kuthwanima kwa moto wopita kukazima. Pakati pa 1969 ndi 2000 idatenga ukatswiri wa dziko lawo kawiri kokha, m'chaka cha 1976 ndi cha 1987.

Chifukwa chake tisachifune m'bwalo la mpira. Mtengo wa mkuwa udagwa pamsika wa dziko lonse kuyambira 1974. Njanji ya Benguela, imene inkanyamula mkuwawo kupita kunyanja kudzera m'dziko la Angola, idatsekedwa ndi nkhondo m'chaka cha 1975. M'chaka cha 1977 ndi cha 1978 chigawo cha Shaba chidathiridwa nkhondo kawiri. Kampani ya boma ya Gécamines, imene idalowa m'malo mwa Union Minière, inkakamidwa ngati ng'ombe yosadyetsedwa. M'ma 1980 inkatulutsa matani a mkuwa oposa 400,000 pachaka, koma mgodi waukulu wa Kamoto utagumuka m'chaka cha 1990, ndiponso asilikali osalipidwa atafunkha m'mizinda m'chaka cha 1991, matani adatsika osafikanso 50,000. Mzinda umene anthu ake salandira malipiro sungadzaze bwalo la mpira, ndipo mnyamata waluso sangakhalemo ngati ku Belgium kapena ku South Africa akumukodola.

Munthu amene adaidzutsa timuyi ndi Moïse Katumbi, amene adasankhidwa kukhala mtsogoleri wake m'chaka cha 1997, chaka chomwe Mobutu adathawa m'dzikomo. Katumbi adali munthu wamalonda amene adalemera ndi nsomba, magalimoto onyamula katundu ndi ntchito za m'migodi, ndipo adakhalapo zaka zingapo ku Zambia. M'chaka cha 2007 adasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa chigawo cha Katanga, pa nthawi imene mtengo wa mkuwa udali utakweranso. Nzeru yake pa mpira idali yapafupi kuimvetsa koma yodula kuichita: kulipira osewera mokwanira ndi pa nthawi yake, kuti asaone chifukwa chothamangira kunja, ndiponso kugula aluso a m'maiko oyandikana nawo. Adakhazikitsa sukulu yophunzitsa ana mpira, adagulira timuyo ndege yakeyake, ndipo m'chaka cha 2012 adatsegula bwalo lake la timuyo m'dera la Kamalondo, lokwana anthu pafupifupi 18,000. Amene adaonapo timu ikugona pabwalo la ndege usiku wonse podikira ulendo adzamvetsa kuti ndegeyo sidali yodzionetsera chabe.

Zipatso zidayamba ndi ukatswiri wa m'dziko m'zaka za 2000, 2001, 2006, 2007 ndi 2009. M'chaka cha 2009, motsogozedwa ndi mphunzitsi Diego Garzitto, Mazembe idafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha akatswiri a mu Africa. Idagonja 2 kwa 1 kwa Heartland mumzinda wa Owerri ku Nigeria, koma ku Lubumbashi idapambana 1 kwa 0, ndipo chigolicho adachimwetsa m'golo lakwawo lomwe ndi wosewera wa Heartland. Popeza chigoli chogoletsa koyenda chinkawerengedwa mwapadera, chikho chidabwerera ku Lubumbashi patatha zaka 41. Koma atapita ku Abu Dhabi mu December kukaimira Africa adachita manyazi: adagonja kwa Pohang Steelers ya ku South Korea, nagonjanso 3 kwa 2 kwa Auckland City ya ku New Zealand, timu ya anthu amene mpira sudali ntchito yawo yeniyeni.

Chaka cha 2010 chidayamba ndi tsoka lodziitanira. Katswiri wawo woposa onse, Trésor Mputu, amene adalinso kaputeni, adathamangitsa woyimbira pa masewero ena ku Kigali m'dziko la Rwanda, ndipo adaletsedwa kusewera mpira kwa chaka chathunthu. Ambiri adati timuyo yathyoka msana. Koma mphunzitsi watsopano, Lamine N'Diaye wa ku Senegal, adaifikitsanso m'ndime yotsiriza, m'mene idasambitsa Espérance ya ku Tunisia 5 kwa 0 ku Lubumbashi, zigoli ziwiri zikuchokera kwa Given Singuluma wa ku Zambia. A Espérance adadandaula kwambiri ndi kayimbidwe ka tsikulo, ndipo wosewera wawo mmodzi adatulutsidwa m'bwalo, koma zigoli zisanu n'zambiri kuti zonse azisenze woyimbira. Ku Tunisia adalepherana 1 kwa 1.

Motero adabwerera ku Abu Dhabi, kumene adachitako manyazi chaka chapitacho. Adayamba ndi kugonjetsa Pachuca ya ku Mexico 1 kwa 0. Kenaka padafika Internacional, timu imene idatengapo chikho chimenechi m'chaka cha 2006 itagonjetsa Barcelona, ndipo ochemerera ake zikwizikwi adali atauluka kuchokera ku Porto Alegre ali ndi maganizo onse pa ndime yotsiriza. A ku Brazil adaukira kuyambira pachiyambi, koma Kidiaba adabweza zonse. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Mulota Kabangu adalandira mpira m'mphepete mwa bokosi, naukhazika, naupinda mokongola kulowa pakona ya golo. Kutatsala mphindi zochepa Dioko Kaluyituka adathamanga nawo mpira, napusitsa wotchinga kumbuyo, namwetsa chachiwiri. Apo ndipo dziko lapansi lidaonera gule wa Kidiaba.

Pa 18 December adakumana ndi Inter Milan ya ku Italy, akatswiri a ku Ulaya. Pano sipafunika kukometsera: mphamvu zidasiyana. Goran Pandev ndi Samuel Eto'o adagoletsa mphindi 20 zisanakwane, ndipo Jonathan Biabiany adatsiriza ntchito chakumapeto, 3 kwa 0. Kaluyituka adasankhidwa kukhala wachiwiri mwa osewera bwino a mpikisano wonsewo, pambuyo pa Eto'o, mwana wa ku Cameroon. Ine ndimaona kuti masewero a Internacional aja adabweza ulemu umene Ilunga ndi anzake adalandidwa m'chaka cha 1974, ndipo n'chokondweretsa kuti mkuluyo adali akali moyo pamene zimachitika.

Chaka chotsatira adagwa ndi cholembera, osati ndi mpira. Atagonjetsa Simba ya ku Tanzania, a Simba adakadandaula kuti Mazembe idaseweretsa Janvier Besala Bokungu, amene mgwirizano wake ndi Espérance udali usanathe mwalamulo. Bungwe la mpira mu Africa lidawapeza olakwa niliwachotsa mumpikisano wa 2011. Timu yokhala ndi ndege idalephera kusunga bwino mapepala a wosewera mmodzi. Komabe m'masewero omwewo maso awo adagwera pa mnyamata wa Simba, Mbwana Samatta, ndipo adamugula.

Nzeru yogula kwa anansi idapindulitsa ndi anansi omwe. Pamene Zambia idatenga chikho cha maiko a mu Africa ku Libreville mu February 2012, m'timumo mudali osewera a Mazembe monga Rainford Kalaba, Hichani Himoonde ndi Stoppila Sunzu. Pa mapenate otsiriza olimbana ndi Ivory Coast, Kalaba adaphonya yake, koma Sunzu ndiye adamwetsa imene idapereka chikho. Nayenso Joseph Kamwendo wa kuno ku Malawi adalembedwapo ntchito ndi timuyi. Kwawo Mazembe idatenga ligi zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2011 mpaka 2014, mwakuti adani ake akale, Saint-Éloi Lupopo ya mumzinda womwewo ndi AS Vita Club ya ku Kinshasa, ankangolimbirana malo achiwiri. M'chaka cha 2015, mphunzitsi ali Patrice Carteron wa ku France, idatenga chikho cha akatswiri a mu Africa kachisanu itagonjetsa USM Alger 2 kwa 1 ku Algeria ndi 2 kwa 0 pakhomo. Ogoletsa m'masewero awiriwo adali Kalaba wa ku Zambia, Samatta wa ku Tanzania ndi Roger Assalé wa ku Ivory Coast. Samatta adapita ku Genk m'dziko la Belgium mu January 2016, ndipo m'chaka cha 2020 adakhala Mtanzania woyamba kusewera mu ligi yaikulu ya ku England, atalowa Aston Villa.

Tsono tibwerere ku funso lathu lija. Mu September 2015 Katumbi adatula pansi udindo wa bwanamkubwa natuluka m'chipani cha Pulezidenti Joseph Kabila. Mu May 2016, atalengeza kuti adzapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti, adazengedwa milandu natuluka m'dzikomo, ndipo sadabwerere mpaka May 2019. Timu sidagwe nthawi yomweyo. Idatenga chikho chachiwiri cha mu Africa, cha Confederation, m'chaka cha 2016 itagonjetsa MO Béjaïa ya ku Algeria, ndiponso m'chaka cha 2017 itagonjetsa SuperSport United ya ku South Africa. Koma tisaiwale kuti m'zaka ziwiri zonsezo idapezeka m'chikho chaching'onocho chifukwa idali itaonetsedwa msana wa njira m'chikho chachikulu, ndipo mu 2017 amene adaitulutsa adali CAPS United ya ku Harare. M'chaka cha 2018 idatulutsidwa ndi Primeiro de Agosto ya ku Angola, mu 2019 ndi Espérance, ndipo mu 2020 ndi Raja ya ku Casablanca.

Ena amati Katumbi adagwiritsa ntchito mpira pofuna kutchuka pa ndale, ndipo sindingawatsutse. Munthu amene dzina lake likuimbidwa ndi bwalo lodzaza sasowa mavoti. Koma pali kusiyana pakati pa iye ndi Mobutu. Mobutu adapatsa osewera a 1974 magalimoto ndi nyumba pamene ankapambana, nawaiwala atagonja, osasiya kanthu kamene mwana wobadwa pambuyo pake akadapindula nako. Katumbi adamanga bwalo ndi sukulu, zinthu zimene sizithawa mwini wake akathawa. Nkhawa yanga ili pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndalama zolowera pachipata ndi zogulitsa osewera sizingafanane ndi thumba la munthu wa migodi, ndipo matimu a ku Egypt, Morocco ndi South Africa adafika polipira kuposa Lubumbashi, kotero kuti aluso a ku Congo adayamba kulowera kumeneko, ena mpaka ku Tanzania, kumene kale Mazembe inkakagula.

Ngakhale zili choncho, ng'ona yokalamba siseweretsedwa. Mu September 2023 akatswiri a kuno kwathu, FCB Nyasa Big Bullets, adakumana nayo m'chikho cha akatswiri a mu Africa, Lamine N'Diaye atabwereranso pa udindo wa mphunzitsi. Pabwalo la Bingu ku Lilongwe Bullets idalimba ndithu nigonja 1 kwa 0, koma ku Kamalondo idamwetsedwa 4 kwa 0. Mazembe idapitirira mpaka m'ndime yachiwiri kwa yotsiriza, m'mene mu April 2024 idalepherana ndi Al Ahly 0 kwa 0 ku Lubumbashi nigonja 3 kwa 0 ku Cairo. Pofika chaka chimenecho, Al Ahly yokha ndiyo idali itatenga chikhochi kambiri kuposa Mazembe, ndipo Zamalek idali yofanana nayo pa zikho zisanu.

Chikho cha mu Africa chimene chidalowa mu Lubumbashi chaka chimenecho chidabwera ndi amayi. Timu ya akazi ya Mazembe, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 2020, idapita ku Morocco mu November 2024 motsogozedwa ndi mphunzitsi Lamia Boumehdi, mayi wa ku Morocco komweko. M'ndime yotsiriza, mumzinda wa El Jadida, idakumana ndi AS FAR, timu ya asilikali a dzikolo, pamaso pa ochemerera a eni bwalo. Marlène Kasaj adamwetsa penate chakumayambiriro, ndipo atsikana a malaya a khwangwala adachitchinjiriza chigolicho mpaka wezulo wotsiriza.